Nyumba ya Malamulo yathu ndi mphatso, ndipo zimenezi zimandivuta

Ife a ku Dedza timapita ku Lilongwe kawirikawiri, ena kukagulitsa mbatata ya kachewere, ena kukasaka mapepala ku Capital Hill. Ambiri mwaiona nyumba ija ili pa Presidential Way, pafupi ndi chiliza cha Kamuzu: mizati italiitali kutsogolo, denga lozungulira pamwamba. Ndi yokongola, sindikana. Koma tiyeni tikumbutsane momwe inabwerera.

Likulu la dziko linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, koma aphungu anatsalira ku Zomba komweko, m'nyumba ya nthawi ya atsamunda. Zisankho za 1994 zitatha, a Bakili Muluzi anapereka nyumba yaikulu imene Kamuzu anamanga ku Lilongwe, ija timaitcha Kamuzu Palace lero, kuti aphungu azikumaniramo. Kenaka a Bingu wa Mutharika atalowa m'boma mu 2004 anati nyumbayo ndi ya mtsogoleri wa dziko, nasamukiramo. Tangoganizani, nthambi ya boma imene ntchito yake ndi kuunika zochita za pulezidenti inali ngati mlendi pakhomo pa pulezidenti yemweyo.

Yomwe tili nayo pano inatsegulidwa mu 2010, patatha zaka 46 tili pa ufulu wodzilamulira. Ndalama zake, pafupifupi madola 41 miliyoni a ku America, zinachokera ku boma la China, ndipo anamanga ndi kampani ya ku China. Izi zinachitika Malawi itangothetsa ubale ndi Taiwan n'kuyamba ubale ndi Beijing kumapeto kwa 2007.

Apa ndi pamene mtima wanga sukhazikika. M'nyumba imeneyi ndi momwe amavomereza bajeti, ndi momwenso amakambirana mabilu olola boma kutenga ngongole kunja. Munthu amene wakumangira nyumba akabwera ndi nkhani, umayamba wayang'ana malata ali pamutu pako usanamuyankhe. Sindikunena kuti aphungu athu anagulidwa, ayi. Sitediyamu kapena msewu ukhale wa chithandizo, palibe vuto. Koma bwalo lomwe mtundu umakambiranamo zake lidayenera kumangidwa ndi misonkho yathu, ngakhale likadakhala laling'ono ndi losawala.

Chinanso, ukaiyang'ana kunja, palibe chokuuza kuti uli ku Malawi kupatula mbendera. Mutaiika mumzinda wina uliwonse ingakhale bwinobwino. Pamene kuno kwathu tili ndi zojambula zakale za pamiyala ya ku Chongoni, zimene UNESCO inaziika m'kaundula wake mu 2006. Ku Mua kuli anthu osema ziboliboli a ku Kungoni amene ntchito zawo zili m'matchalitchi a maiko akutali. Oumba mbiya ndi matailosi a pa boma pano alendo amachita kuima pamsewu wa M1 kuti awagule. Manja amenewa analipo mu 2010.

Pa zisankho za 2025 madera a aphungu anachuluka kuchoka pa 193 kufika pa 229, ndiye nkhani yokulitsa malo ndi maofesi sichedwa kubwera. Inu a phungu athu a m'boma la Dedza, ikadzafika nkhaniyo mudzafunse mafunso awiri: alipire ndani, ndipo amange ndani?