Kawaguchi sanali goloboyi wofooka, ligi ya ku England ndi imene sinamuyenere

Ochemerera Portsmouth amamukumbukira Yoshikatsu Kawaguchi, goloboyi wa ku Japan, ngati ndalama zolowa m'madzi. Anamugula mu 2001 pa mtengo wa mapaundi 1.8 miliyoni, koma timuyo itakwapulidwa 4-1 ndi Leyton Orient mu FA Cup, malo ake anatenga Dave Beasant, bambo wa zaka 42. Maganizo anga ndi akuti olakwa anali omugulawo, chifukwa sanayang'ane mtundu wa goloboyi amene akugula.

Kawaguchi ndi wamtali mamita 1.80, ndipo pa magoloboyi ameneyu ndi wamfupi. Mphamvu zake zinali pamzere: mapazi achangu, kugwa msanga, kupherera mipira yowombedwa pafupi. Umu ndi mmene anaimitsira Brazil ya Bebeto, Rivaldo ndi Roberto Carlos ku Miami pa Olimpiki ya 1996, Japan n'kupambana 1-0. Ku England nkhani ndi ina. Mpira umabwera m'mwamba, m'bokosi muli zimphona zokankha ndi mapewa, oyimbira akungoyang'ana. Goloboyi wamfupi akafuna kutulukira mpira wotere ayenera kuganiza mpira usanafike pakati pa ulendo wake, akuwe kuti otchinga kumbuyo amupatse njira, adumphe ndi mwendo umodzi bondo linalo lili kutsogolo, ndipo ngati anthu achuluka aukhome ndi zibakera kupita m'mbali, osati pakati. Akazengereza pang'ono amapezeka ali pakatikati, mpira sanaufike, golonso walisiya.

Onerani masewero a Japan ndi Australia pa chikho cha dziko lonse cha 2006. Japan inkatsogola 1-0 ndipo Kawaguchi anali atapherera mipira yambiri. Pa mphindi 84 Lucas Neill anaponya mpira wautali kuchokera kumbali, iye anatuluka, mpira unamudutsa, Tim Cahill n'kugoletsa golo lili pululu. Anathera 3-1, Australia n'kupambana. Masiku ochepa pambuyo pake munthu yemweyo anapherera penate ya Darijo Srna wa Croatia.

Pa mapenate pokha, musamuyese. Mu kotafainolo ya Asian Cup ya 2004 ku Chongqing, pomwe Japan inkalimbana ndi Jordan, Shunsuke Nakamura ndi Alex a Japan anaphonya mapenate awiri oyamba, Jordan ikugoletsa atatu otsatizana. Kaputeni Tsuneyasu Miyamoto anali atadandaula za malo oterera, oyimbira n'kusintha golo. Kawaguchi anapherera awiri, ena awiri Jordan inaphonya yokha, Japan n'kudutsa 4-3 mpaka kukatenga chikho. Mu Asian Cup ya 2007 anaphereranso a Harry Kewell wa Australia ndi Neill uja. Kufupika pa penate sikupweteka kwenikweni, pakuti palibe wokukankha. Chofunika ndi kudikira, osagwa wowombayo asanasankhe mbali.

Ena amati Seigo Narazaki, goloboyi mnzake wa Japan, anali wodalirika kuposa iye, ndipo pa mipira ya m'mwamba akunena zoona. Mphunzitsi wa Japan Philippe Troussier anasankha Narazaki pa chikho cha dziko lonse cha 2002, pomwe mu 1998 masewero onse atatu anagwira ndi Kawaguchi. Komabe Kawaguchi anasewerera dziko lake kokwana 116 ndipo anaitanidwa ku zikho zinayi za dziko lonse. Atachoka ku Portsmouth anapita ku Nordsjælland ya ku Denmark, kenako anabwerera ku Japan n'kukhala ku Júbilo Iwata kuyambira 2005 mpaka 2013, n'kutsikira ku FC Gifu, kenako SC Sagamihara ya m'ligi yachitatu, komwe anapachika magolovesi mu 2018 ali ndi zaka 43.