Uthenga wochenjeza anthu usamangoopseza

Ndakhala ndikumvetsera mauthenga amene maboma ndi mabungwe amaulutsa pa wailesi ndi pa kanema pofuna kuteteza miyoyo ya anthu, ndipo maganizo anga ndi akuti ambiri mwa mauthengawa amagwa m'madzi chifukwa amauza munthu zoti aziopa, koma samuuza choti achite ndi manja ake. Munthu akamva kuti matenda akutiakuti akupulula anthu, mtima umagunda kwa kanthawi, kenako amangopitiriza zomwe amachita, popeza mantha opanda pothawira amatopetsa msanga.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha ku Bangladesh. Kuyambira mu 1980, bungwe la BRAC linkatumiza amayi khomo ndi khomo kukaphunzitsa amayi anzawo kusungunula madzi a mchere ndi shuga opatsa mwana wotsegula m'mimba. Sankatchula magalamu, poti m'nyumba zambiri munalibe sikelo. Ankangoti mayi atunge theka la lita ya madzi abwino, atsine mchere ndi zala zitatu, kenako atape shuga wa nzimbe wodzaza dzanja limodzi. Muyeso wonse unali m'dzanja la mayiyo, ndipo dzanja sangaliiwale kwina ngakhale mwana atadwala pakati pa usiku. Chinanso chimene ndimachitamanda n'chakuti malipiro a ophunzitsawo ankadalira zimene oyendera akapeza pambuyo pake, ngati mayi akukumbukiradi ndiponso akusungunula bwino. Ofalitsa uthenga ambiri amawerenga kuchuluka kwa maulendo amene wamveka pa wailesi, ngati kuti kumveka ndiko kumvera.

Palinso msampha wina umene olemba mauthenga amakodwamo ndi mtima wabwino ndithu, womwe ndi kudandaula kuti anthu ambiri akuchita choipa. Katswiri wa zamaganizo Robert Cialdini ndi anzake anayesa zimenezi ku malo otetezedwa a Petrified Forest ku Arizona, m'dziko la United States, kumene alendo amaba tizidutswa ta mitengo yakalekale imene inasanduka miyala. Pamene panali chikwangwani chonena kuti alendo ambiri akhala akutenga tizidutswato, kuba kunachuluka kuposa pamene panali chikwangwani chongopempha kuti munthu asatenge. Wowerenga ankaona kuti ngati aliyense akutenga, iye sangakhale wotsala yekha. N'chifukwa chake ndikamva uthenga ukuyamba ndi mawu akuti achinyamata ambiri masiku ano alowerera, ndimada nkhawa, poti wachinyamata amene sanalowerere wauzidwa kumene kuti iye ndiye wachilendo pakati pa anzake.

Sindikukana kuti nyimbo, nthabwala kapena chithunzi zimathandiza kuti uthenga usaiwalike. Smokey Bear, chimbalangondo chojambula chimene dziko la United States lakhala likugwiritsa ntchito kuyambira mu 1944 pochenjeza za moto wolusa m'nkhalango, chikudziwikabe mpaka lero, ndipo ndikuganiza kuti mphamvu yake ili poti chimalankhula ndi munthu mmodzi payekha osati khamu. Komabe ndamvapo ana akuimba bwinobwino kanyimbo kolimbikitsa kusamba m'manja ndi sopo kwinaku akuyamba kudya osasamba, ndipo amene anapeka kanyimboko ayenera kuti analemba mu lipoti lawo kuti ntchito inayenda bwino.