Chimbale chimene mwiniwake sanayimbemo

Anzanga okonda jazz, lero ndikambeko za Bar Kokhba, chimbale cha ma CD awiri chimene John Zorn, woyimba saxophone wa ku New York, anatulutsa mu 1996 kudzera ku kampani yake ya Tzadik. Pa zonse zimene bambo ameneyu wapanga, ine ndimachiika patsogolo, ndipo chifukwa changa n'chakuti saxophone yake simveka m'menemo ngakhale kamodzi.

Nyimbozi anayamba kuzipeka mu 1993, n'kufika pafupifupi 200 m'zaka zoyambirirazo, kupekera gulu lake la Masada: iye mwini, Dave Douglas pa lipenga, Greg Cohen pa bezi ndi Joey Baron pa ng'oma. Anayiwo akagwirana, moto umabuka, ndipo nthawi zina khutu limangotengeka ndi ukali wa oyimbawo, nyimbo yeniyeniyo n'kukudutsa. Apa Zorn anakhala pambali n'kugawira nyimbozo timagulu ting'onoting'ono, pena anthu awiri, pena atatu. Mpamene ndinamva kuti munthuyu ndi mpeki weniweni.

Tamverani pamene Mark Feldman wa vayolini, Erik Friedlander wa cello (chonga vayolini koma chachikulu) ndi Cohen uja akuyimba okhaokha, popanda ng'oma. Bezi ndiye akugwira liwiro, enawo akulandizana ngati mmene amayi amalandizirana nyimbo pa siwa usiku. Clarinet ya David Krakauer, katswiri wa klezmer, nyimbo za pa maukwati a Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya, imalira ngakhale pamene ikusangalala. Gitala ya Marc Ribot nayo sipupuluma.

Alipo amene amati iyi si jazz chifukwa ilibe phokoso. Sindivomereza. Oyimbawa akupeka pompopompo, akumverana, akuyankhana. Nanga jazz n'chiyani ngati si chimenecho? Komanso musaganize kuti ndi nyimbo zakale za m'sunagoge zimene wangozifukula. Zorn anatenga kamvekedwe ka nyimbo za makolo ake achiyuda n'kupekera momwemo zake zatsopano, ndipo zimenezi ndimazilemekeza kwambiri.

Dzina la chimbalechi ndi la Simon bar Kokhba, amene anatsogolera Ayuda kuukira Aroma m'chaka cha 132 AD. Dzina la nkhondo, koma zoyimbazo n'zofatsa, zambiri zachisoni.

Chimbalechi n'chachitali, chimapitirira maola awiri, choncho imvani CD imodzi lero, inayo mawa. Atatu a zingwe aja akakugwirani mtima, mudzawapezanso pa The Circle Maker ya mu 1998.