Filimu ya mapiko a agulugufe

Anzanga amandiseka akandipeza ndikuonera mafilimu opanda nkhani. "Aise, ndewu iyamba liti?" Ndewu mulibe, chikondi mulibe, nthawi zina ngakhale mawu mulibe.

Tamvani iyi. Mu 1963, Stan Brakhage wa ku America anapanga filimu osakhudza kamera n'komwe. Anatola mapiko a agulugufe ausiku, aja amafera pa nyale, pamodzi ndi masamba ndi timaudzu, n'kuzimata pakati pa matepi awiri oonekera mkati, kenako n'kukazisindikiza pa mpukutu wa filimu wa mamilimita 16 m'lifupi (16mm). Anaitcha Mothlight, ndipo siikwana mphindi zisanu. Mapiko aja amangoti phethiphethi, ngati tizilomboto tadzuka kuti tiulukenso kamodzi pa kuwala komwe kunatipha. Ineyo ndinaionera pa foni, ndipo ndikudziwa kuti ndinangonunkhiza ndiwo, kudya sindinadye.

N'chifukwa chake sindiwanena misala anthu amene amataya ndalama zambiri kusaka mipukutu ya mafilimu otere. Makope ake amakhala ochepa, ndipo amafa. Mpukutu wakale ukasungidwa potentha ndi pachinyezi umayamba kununkha ngati viniga, n'kukhwinyata, zithunzi n'kuwonongeka. Kutentha kwa ku Nsanje kuja ungapirire zaka zingati? Ndiye munthu woufunira chipinda chozizira akugwira ntchito yaikulu.

Koma alipo ena amene amandinyansa. Amagula chifukwa chakuti chinthucho n'chosowa basi, n'kutsekera m'chitini, kudikira kuti mtengo ukwere. Amati mpukutu ukaupititsa mu pulojekita umakandika. Zoona, umakandikadi, ulendo uliwonse umasiya chipsera. Nanga Brakhage anatolera mapiko aja kuti akagone mumdima?

Ine mtima wanga uli kwa wopanga mafilimu wina, Jonas Mekas, ndi anzake, amene anatsegula Anthology Film Archives ku New York mu 1970. Kumeneko amasunga mafilimu otere, komanso amazimitsa magetsi n'kuonetsa. Bungwe la Canyon Cinema la ku San Francisco limabwereketsa mipukutu kwa ofuna kuonetsa anthu. Kampani ya Criterion itatulutsa mafilimu a Brakhage pa DVD mu 2003, anthu ambiri osafika kumizinda imeneyo anayamba kumudziwa, ndipo palibe chomwe chinachepa pa ntchito yake.

Nditati ndaupeza mpukutu wa Mothlight, ndingapachike nsalu yoyera pakhonde n'kuitana anzanga ondiseka aja. Ukandike ukandike.