Tisamakhome sensa n'kukagona tisanaiyese

Miyezi yapitayi ndaona anzanga ambiri amalonda kuno ku Mangochi, kuyambira pa boma mpaka ku Namiasi ndi ku Monkey Bay, akugula ma alamu opanda mawaya, aja amabwera m'bokosi limodzi ndi kachipangizo koyera kozindikira munthu akamayenda, komwe ambirife timangokatchula kuti sensa. Ndi chinthu chabwino kuti tayamba kuteteza katundu wathu mwa njira imeneyi, koma ndili ndi nkhawa imene ndikufuna kuinena poyera chifukwa zinandionekera ine mwini. Ambiri akukhoma sensa pakhoma, akaona kanyali kofiira kakuphethira mtima umakhala m'malo, ndipo akupita kukagona asanatsimikize ngati chipangizocho chingaonedi wakuba m'chipinda chimenecho, m'nyengo yathu yotentha ino.

Ine ndili ndi golosale pafupi ndi msika, ndipo kuseri kwake kuli chipinda chimene ndimasungiramo shuga, sopo, mafuta ophikira ndi matumba a mpunga. Akuba atapinda zitsulo za pazenera usiku wina mvula ikugwa, n'kutulutsa zigubu za mafuta zimene ndinali nditangopikula kumene, ndinaitanitsa alamu kuchokera ku Limbe ndipo ndinapeza mnyamata wina wodziwa zamagetsi kuti andiikire. Ntchito yake sinakwane mphindi 30. Anamata sensa ndi tepi pamwamba pa shelefu, moyang'anizana ndi chitseko komanso zenera lakumadzulo, anagwedeza dzanja patsogolo pake, alamu inalira, ine n'kumupatsa ndalama zake ndili wokhutira.

Masabata awiri otsatira anali ovuta kwambiri. Alamu inkalira Lamulungu madzulo dzuwa likapendeka, muli mopanda munthu, ndipo inkaliranso pakati pa usiku. Usiku woyamba anansi anga anatuluka ndi matochi ndi zibonga, ena atangomangirira chitenje, ndipo tinazungulira nyumba yonse osapeza kanthu. Ulendo wachiwiri anabwera anthu atatu. Pofika ulendo wachisanu ndinafika pagolosale ndili ndekha, makomo onse ali chitsekere, ndipo m'mawa mwake bambo wina wachikulire amene timalemekezana kwambiri anandiitana akuchokera ku mzikiti n'kundiuza modekha kuti, "Achimwene, chinthu chanu chija chikutisowetsa tulo, ana akulephera kugona." Mawu amenewo anandilasa mtima kuposa kubedwa kwa mafuta kuja, chifukwa ndinazindikira kuti alamu yanga yaphunzitsa anthu ondizungulira kusalabadira kulira kwake, ndipo tsiku lobwera wakuba weniweni palibe akanadzuka.

Apa m'pamene ndinakhala pansi n'kuwerenga kabuku kamene kanabwera m'bokosi muja, kenaka n'kufunsa amisiri ena, ndipo zimene ndinamva n'zimene zinasintha maganizo anga. Sensa zambiri zimene tikugulazi ndi za mtundu wotchedwa PIR. Pofufuza munthu sizitulutsa kuwala kulikonse ndiponso sizijambula chithunzi ngati kamera, koma zimangomva kutentha kumene thupi la munthu limatulutsa. Kachivindikiro koyera kapulasitiki kali kutsogolo kaja si kokongoletsera ayi. Kanaumbidwa ndi timagawo ting'onoting'ono tambiri, potsatira luso la Augustin Fresnel wa ku France amene anapanga magalasi a nyali zolondolera sitima zapanyanja, ndipo ntchito yake ndi kugawa chipinda m'mizere yosaoneka yofanana ndi zala za dzanja lotambasula. Thupi lotentha likachoka mumzere umodzi n'kulowa mumzere wina, sensa imamva kusinthako n'kutumiza uthenga ku bokosi lalikulu la alamu. N'chifukwa chake munthu wodutsa mopingasa imamumva msanga, pamene munthu wobwera molunjika kumene ili amatha kuyandikira kwambiri isanamumve. Mnyamata uja anailozetsa ndendende pachitseko, ndiye kuti anaiika pamalo pamene mphamvu yake ndi yochepa.

Koma nkhani imene ndikufuna kuti tiimvetse kwambiri, makamaka ife a m'mbali mwa nyanja, ndi ya kutentha. Thupi la munthu m'kati mwake limatentha madigiri 37, ndipo khungu lake limakhala pansi pang'ono, cha m'ma 33 kapena 34. Sensa imagwira ntchito bwino pamene pali kusiyana pakati pa kutentha kwa munthu ndi kwa makoma, pansi ndi katundu womuzungulira. Tsopano taganizirani chipinda chofolera ndi malata, chopanda siling'i, chotseka mazenera onse, mu October kapena November kuno ku Mangochi, pamene ngakhale mumthunzi wa mango munthu amangotuluka thukuta. Makoma ndi matumba a m'chipinda chotere amatentha kufika pafupi ndi khungu la munthu, ndipo kusiyana kuja kumachepa kwambiri. Ndinaziyesa ndekha. M'mawa wina mu June, mwera ukuomba, sensa inandimva ndili kumapeto kwenikweni kwa chipinda, koma mu October cha m'ma 2 koloko masana ndinayenda pang'onopang'ono mpaka pakati pa chipinda kanyali kasanayake. Chipangizo chake chomwecho, batire yomweyo, malo omwewo. Wogulitsa ku Limbe, kumene kumazizira, sangakuuzeni zimenezi chifukwa mwina iyenso sanazionepo, ndipo mamita 10 kapena 12 olembedwa pabokosi kuti ndiwo mtunda umene sensa imamvera munthu sanayezedwe m'nyumba ya malata ya kuno. Zilipo sensa zina zimene zimadzisintha zokha kukatentha, ndipo zilipo zina zokhala ndi njira ziwiri, ya kutentha ndi ya mafunde a wailesi otchedwa microwave, zimene zimadikira kuti njira zonse ziwiri zigwirizane zisanalize alamu. Ndi zodula, koma amene akusunga katundu wa ndalama zambiri m'chipinda chotentha afunse za zimenezi asanagule.

Nditamvetsa izi ndinachotsa sensa ija n'kuiikanso ndekha. Malo ake oyenera ndi pangodya ya chipinda, pamtunda wa mamita 2.1 mpaka 2.4 kuchokera pansi, monga mabuku ambiri a zipangizozi amanenera, ndipo iyang'ane mwakuti aliyense wolowera pakhomo kapena pazenera adutse mopingasa. Iboolereni khoma n'kuimanga zolimba, chifukwa tepi imasungunuka ndi kutentha kwathu kuno, sensa n'kuyamba kuweramira pansi kapena kugwa kumene. Isayang'ane zenera. Anthu ena amaganiza kuti ikaloza pazenera iona wakuba adakali panja, koma galasi silidutsitsa kutentha kwa thupi la munthu, pomwe dzuwa lolowera pazenerapo limatenthetsa zinthu za m'nyumba mwadzidzidzi, ndipo n'zimene zinkaliza alamu yanga Lamulungu madzulo. Isakhalenso pafupi ndi kuseri kwa filiji kumene kumatuluka mpweya wotentha, kapena pamene mphepo imagwedeza katani yofunda ndi dzuwa.

Kulira kwa usiku kuja kunali kwa nalimata. Ndinamupeza tsiku lina atakakamira pakachivindikiro pomwepo, akusaka tizilombo timene timabwera ndi nyali, ndipo kanthu kakang'ono kakayandikira chonchi sensa imakaona ngati chinthu chachikulu. Kuno tizilombo sitisowa: ngumbi mvula yoyamba ikagwa, nkhungu zochokera kunyanja, akangaude oluka ukonde pangodya, ndi nyerere zimene zimalowa m'kati mwa chipangizo kudzera m'timabowo takuseri. Ndinatseka timabowoto, ndinasuntha nyali kuti italikire sensa, ndipo sabata iliyonse ndimapukuta kachivindikiro ndi kansalu kouma. Mankhwala ophera tizilombo muzipopera pakhoma, osati pasensa penipeni.

Pa nkhani ya kusowa kwa mawaya sindichulutsa mawu. Sensa imalankhula ndi bokosi lalikulu kudzera m'mafunde a wailesi, ndipo mtunda wolembedwa pabokosi ndi wa pabwalo popanda chotchinga. Makoma a njerwa zootcha, zitseko zachitsulo ndi malata zimafooketsa mafundewo, ndipo amene amagulitsira m'makontena asamale koposa. Choncho yambani mwailumikiza ndi bokosi lalikulu zili pafupi, kenaka muigwirizire ndi dzanja pamalo pamene mukufuna kuiika n'kuona ngati uthenga ukufika, musanaboole khoma.

Tsopano kuyesa kwenikweni, kumene ndikuti tisakudumphe. Kugwedeza dzanja patsogolo pa sensa si kuyesa, chifukwa palibe wakuba amene amakwera pampando kukaipatsa moni. Dziwani kaye kuti sensa zambiri zopanda mawaya zikamva munthu kamodzi zimapuma kwa mphindi ziwiri kapena zitatu pofuna kusunga batire, ndipo anthu ena amazibweza kusitolo poganiza kuti ndi zakufa. Muwerenge m'kabuku mmene mungaiikire pa nthawi yoyesa, kapena tulukani m'chipindamo, mudikire mphindi zitatu, kenaka mulowe. Mulowe monga angalowere munthu wa zolinga zoipa: mowerama, pang'onopang'ono, motsatira khoma, kuchokera pansi pa zenera, ndipo ulendo wina mukwawe ndithu. Ine ndinatenga choko n'kumalemba pansi paliponse pamene kanyali kanayakira, mwana wanga wamkulu ataima pakhomo n'kumandiuza, ndipo titamaliza tinapeza kuti kuseri kwa mulu wa matumba a mpunga kunali kanjira kamene munthu akanatha kudutsa kuchokera pazenera kufika pa zigubu za mafuta osaoneka. Tinasuntha matumbawo. Kuyambira pamenepo ndimadziwa kuti katundu watsopano akafika n'kuunjikidwa mpaka pamwamba, ndiyenera kuyendanso m'chipindamo, pakuti sensa siiona kuseri kwa thumba. Pansi penipeni pa sensa napo nthawi zambiri pamakhala posaoneka, ndiye musaike katundu wamtengo wapatali pamenepo.

Kanyali kokha sikokwanira. Uzani anansi anu kuti lero mukuyesa, tcherani alamu yonse monga mumachitira usiku, lowani, ndipo mumve ngati ikulira mokwanira kudzutsa munthu wa nyumba yachitatu. Ngati bokosi lanu lili ndi simukhadi ya Airtel kapena TNM, onani ngati foni yanu yaitana kapena uthenga wafika, ndipo muwerenge kuti zatenga nthawi yaitali bwanji. Simukhadi imeneyi imafuna mayunitsi, ndipo ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito imatsekedwa, mwini wake osadziwa. Kenaka zimitsani magetsi a nyumba yonse n'kubwerezanso zonsezi, chifukwa magetsi amathima ndipo akuba amakonda mdima womwewo. Muone kuti batire ya m'bokosi lalikulu ikupirira maola angati. Pomaliza tsekulani chivindikiro cha sensa alamu ili yotchera, kuti mutsimikize kuti kabatani ka m'kati kodziwitsa kuti wina akuisokoneza kakugwira ntchito.

Za mabatire a sensa, funsani mtundu wake musanagule. Zina zimagwiritsa ntchito AA amene amapezeka paliponse, koma zina zimafuna batire yotchedwa CR123A ya mphamvu ya ma volt 3, imene simungaipeze m'golosale wamba, ndipo ndi bwino kugulira limodzi yapadera n'kuisunga. Mabatire otsika mtengo a pamsika amatha msanga ndipo ena amatuluka madzi owononga zitsulo za m'kati. Ine ndimalemba tsiku limene ndaika batire pakapepala n'kukamata m'mbali mwa sensa.

Ndikudziwa kuti alipo amene anena kuti zonsezi ndi kutaya ndalama, kuti galu ndi mlonda n'zokwanira, ndiponso kuti apolisi sangafike msanga kumadera monga Makanjira kapena Namwera ngakhale alamu italira usiku wonse. Ndikuwamvetsa, ndipo mbali ina akunena zoona, chifukwa alamu siigwira munthu. Ntchito yake ndi kudzutsa anthu ndi kusokoneza wakuba asanamalize zimene wadzera, ndipo kuno kwathu amene amayamba kufika ndi anansi pamodzi ndi achitetezo a m'mudzi. N'chifukwa chake ndikulimbikira kuti alamu yongolira chisawawa ndi yoipa kuposa kukhala wopanda alamu, pakuti imawononga chikhulupiriro cha anthu amene mukuwadalira. Kwa inu amisiri amene mukuika zipangizozi, ndikukupemphani ndi ulemu wonse kuti musamachoke panyumba ya munthu musanayende naye m'chipinda chilichonse n'kumuonetsa pamene sensa ikuona ndi pamene siikuona. Ndipo inu eni nyumba, musamalize kulipira kuyesaku kusanachitike inu muli pomwepo.

Ine nditakonza zonse ndinapita khomo ndi khomo kukapepesa chifukwa cha masabata awiri aja, ndipo ndinapempha bambo wachikulire uja kuti abwere adzaone tikuyesa. Anabwera, analowa yekha m'chipindamo atawerama, alamu inalira asanaponde phazi lachitatu, ndipo tinagwirizana kuti ndiziyesa Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse cha m'ma 2 koloko masana, nthawi imene kumatentha kwambiri ndiponso ana sali mtulo. Ikadzalira nthawi ina iliyonse kupatula imeneyo, anati adzatuluka.