Mphamvu ya Angoni inali mu khola

Abale anga a ku Mbare, Mufakose ndi Dzivarasekwa kuno ku Harare, nkhani iyi imabuka pafupifupi paliponse pamene takumana, ngakhale pa siwa. Wa kwa Gomani akangolawako pang'ono amayamba kuti makolo ake anali olimba mtima, pamene Achewa anali amantha ongothawira kumapiri. Ine ndikukana. Kusiyana kunali pa zida ndi pa dongosolo.

Mchewa ankamenya nkhondo ndi uta ndi mivi, mudzi ndi mudzi, aliyense kuteteza linga la kwawo. Uta umafuna mdani akhale patali. Tsono Zwangendaba, mfumu ya Angoni, atawoloka Zambezi mu 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, anthu ake anabwera ndi kamenyedwe ka kumwera: mkondo waufupi wobaya nawo osauponya, chibonga, ndi chishango chachikulu cha chikopa cha ng'ombe. Chishangocho ndiye nkhani yonse. Chimabisa munthu kuyambira pachibwano mpaka m'miyendo, mivi imangothera pachikopa, ndipo mwini uta asanakoke kachitatu adani amufika kale pamphuno. Zikatero uta ndi nkhuni chabe.

Ndiye taganizani. Chikopa cha ng'ombe imodzi chinkatulutsa zishango ziwiri zokha zazikulu. Kuti gulu lonse la anyamata amsinkhu umodzi linyamule zishango, mfumu inkayenera kukhala ndi ng'ombe zosawerengeka, anthu odziwa kufufuta ndi kusoka, komanso chakudya choti anyamatawo azidya osagwira khasu. Mchewa wolima mapira, woweta mbuzi ndi nkhuku, akanazitenga kuti? Tizishango timene amagulitsa kwa alendo m'tauni muno tisakunamizeni, ndi tokongoletsera pakhoma.

Kuthawira kuphiri nakonso sikunali mantha. Pamiyala gulu silingayende phewa ndi phewa, ndipo chishango chimasanduka katundu.

Amene mukuti kulimba mtima ndiye zonse, funsani anzathu Andebele konkuno. Ankhondo a Lobengula, mfumu yawo, anali ndi zishango zomwezi, ndi mfuti za Martini-Henry zomwe. Koma pa Shangani ndi pa Bembesi mu 1893 anakumana ndi mfuti ya Azungu ya Maxim, yolavula zipolopolo mosalekeza, ndipo kuthamangira mdani muli gulu, kumene kunkawapambanitsa kale, ndi kumene kunawaphetsa. Kodi tinene kuti anali amantha? Ayi ndithu.

Kwathu zinatha chimodzimodzi. Azungu anapha Inkosi Gomani Chikuse mu 1896. Mu 1898 anagonjetsa Mpezeni, mfumu ya Angoni a ku Chipata, nawombera mwana wake Nsingu. Ndipo onani chimene anathamangira nkhondo itangotha: anakusa ng'ombe za Angoni zikwizikwi n'kupita nazo. Ankadziwa bwino lomwe kumene zishango zinkachokera.