Mukufuna kulowa mu IT? Mayeso abwere pomaliza

Anzanga amene mwatopa ndi choko, kauntala ya kubanki kapena ya m'sitolo, ndipo mukufuna kulowa mu za IT, maganizo anga ndi awa: musayambe ndi kulipira mayeso a masatifiketi a IT. Zimandiwawa kuona munthu watsanulira ndalama zake zonse pa satifiketi, koma akauzidwa kuti intaneti yasiya mu ofesi, sakudziwa pogwira. Manja ayambe azolowera ntchito, pepala libwere pambuyo.

Ntchito yomwe muli nayo musaisiye msanga, chifukwa malipiro ake ndi omwe agule laputopu ndi bandulo. Maola 2 madzulo alionse kuphatikiza Loweruka m'mawa, kwa miyezi 6 mpaka 9, ndi okwanira kuti muyambe kufunsira ntchito yothandiza anthu pa makompyuta awo. Coding, kulemba mapulogalamu a kompyuta, imatenga nthawi yaitali kuposa pamenepa musanaone ndalama yoyamba.

Sankhani mbali imodzi, ndipo ikhale yoyandikana ndi zomwe mukudziwa kale. Wa maakaunti azame mu Excel, kenako SQL (chilankhulo chofunsira manambala mu database) ndi Power BI (pulogalamu yopangira malipoti), poti amadziwa kale pamene manambala amasokonekera. Namwino kapena kalaliki wa kuchipatala aphunzire DHIS2, pulogalamu yochokera ku University of Oslo yomwe Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti. Wa zamagetsi ndi woika makamera a CCTV, netiweki ndi yanu.

Pa laputopu ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Ya kaunjika ilibe vuto, ThinkPad kapena Dell Latitude zimapirira. Koma ikhale Core i5 ya 8th generation kupita m'mwamba, chifukwa zakale kuposa apo Windows 11 imazikana, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. RAM ikhale 16GB. Ya 8GB imayamba kukoka miyendo mukangoyatsa makompyuta awiri a mu VirtualBox, pulogalamu yopangira makompyuta oyeserera mkati mwa laputopu yanu. Disiki ikhale SSD yosachepera 256GB. Musanapereke ndalama, lowani mu BIOS, masetingi olowamo laputopu ikamayaka, muone ngati ilibe pasiwedi, chifukwa yokiyidwa simungayatse virtualization, yomwe VirtualBox imadalira. Kenako tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport, mutsegule lipoti lomwe lituluke, muyerekeze design capacity (mphamvu ya batire ili yatsopano) ndi full charge capacity (yomwe ikusunga pano). Ngati yachiwiriyo yatsika kufika theka, batireyo yatha, ndipo magetsi akathima phunziro lathera pompo.

Kwa amene mwasankha netiweki, Packet Tracer, pulogalamu yoyeserera kumanga netiweki, ndi yaulere mukalembetsa ku Cisco Networking Academy. VirtualBox ndi Ubuntu Server nazonso n'zaulere. Zogula ndi crimping tool (chopanira timitu pa kebulo), timitu ta RJ45, kebulo ya Cat6 ndi cable tester. Lowezani ndondomeko ya T568B yoikira timawaya m'kamutu: choyera cha olenji, olenji, choyera cha girini, buluu, choyera cha buluu, girini, choyera cha bulawuni, bulawuni. Timawaya tikapanda kufika kumapeto kwa kamutu, kebulo imagwira lero n'kusiya mawa. Isapitirirenso mamita 100.

Tsono phunzirani kufufuza vuto mwadongosolo, osati mongolota. Wina akadandaula kuti intaneti palibe, yambani mwaona ngati kanyali ka pa switch, kabokosi kolumikizira makebulo a makompyuta, kakuyaka. Kenako lembani ipconfig mu Command Prompt. Adiresi ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti kompyutayo sinapatsidwe adiresi ndi DHCP, yomwe imagawa maadiresi pa netiweki, choncho vuto lili pa kebulo, pa switch kapena pa rauta. Ngati ping 8.8.8.8 ikuyankha koma masamba sakutseguka, intaneti ilipo, chavuta ndi DNS, yomwe imasandutsa mayina a masamba kukhala maadiresi. Amene sadziwa izi amathamangira kufomata kompyuta yabwinobwino n'kutayitsa mwini wake mafayilo. Muziwononga dala makina anu a mu VirtualBox n'kuwakonzanso. Subnetting, kugawa netiweki m'magawo, nayo muichite ndi pensulo mpaka muziyankha osaganiza kuti /24 imanyamula makompyuta 254 pomwe /26 imanyamula 62.

Apa ndiye mayeso. CompTIA A+, satifiketi ya kukonza ndi kusamalira makompyuta, ili ndi mayeso awiri, Core 1 ndi Core 2, ndipo mumalipira onse. CCNA, satifiketi ya netiweki ya Cisco, ndi mayeso amodzi, 200-301, a mphindi 120, mtengo wake madola 300, olembedwa kudzera ku Pearson VUE. Ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira, kulephera n'kupweteka kawiri, ndiye musalembetse musanayambe kukhoza bwino mayeso oyeserera. Dziwaninso kuti masatifiketi awiriwa amatha pakapita zaka 3. Kulemba mudakali kutali ndi kufunsira ntchito n'kungodya nthawi yake pachabe. Za ma dumps, mafunso obedwa aja, ndikukana ndi mtima wonse. Akakugwirani amakulandani satifiketi, ndipo ngakhale asakugwireni, wokufunsani ntchito akangokupatsani switch kuti mupange VLAN, kugawa switch imodzi kukhala manetiweki angapo, zonse zimaonekera poyera.

Satifiketi siilowa m'malo mwa sukulu paliponse. M'boma ndi m'mabanki nthawi zambiri amafuna dipuloma kapena digiri. Ngati muli ndi MSCE yokha, ganizirani za dipuloma ya ku koleji ya makompyuta ya NACIT kapena maphunziro a ku MUBAS, kwinaku mukuchita zamanjazi.

Pofunsira ntchito, funso loti munagwirapo kuti lidzabwera ndithu. Dziperekeni kusamalira makompyuta a kutchalitchi, a pasukulu yanu kapena a mu ofesi momwe muli kale. Pemphani a IT a pantchito panu kuti muziwanyamulira makwerero poika kebulo. Vuto lililonse mulilembe m'kope: chinavuta n'chiyani, munayesa chiyani, chinakonza n'chiyani. Zimenezo ndi zomwe mudzaike pa CV ndi kufotokoza pa intaviyu. Mukambiranenso kunyumba nthawi ikadalipo, chifukwa malipiro a ntchito yoyamba ya helpdesk, yothandiza anthu pa makompyuta ija, akhoza kuchepa poyerekeza ndi omwe mukulandira pano, ndipo lendi ndi fizi za ana zikufunika kuwerengeredwa musanalembe kalata yosiya ntchito.